Mawu a Kamphinda Afufutika pa Seva

Kalekale, koma osati kale la makolo, kunali mkulu wina dzina lake a Kamphinda. Akudwala, mwana wawo Lemani ankawajambula mawu akufotokoza za mtundu wawo: kumene unachokera, amene anakwatiwa kutali, ndi malire a minda. Mawuwo anawasunga pa seva, kompyuta yakutali imene mabanja ambiri amasungirapo zawo, lililonse ndi khomo lake. Mwini khomo ndiye amagawa zilolezo: uyu azingomvera, uyu aziwonjezera, uyu azitha kufufuta.

Msuweni wa Lemani, mtsikana dzina lake Ndaziona, ankaimba foni kawirikawiri kudandaula kuti pulogalamu yomvererayo ikumukaniza kulowa. Lemani anatopa nazo. M'malo mofufuza povuta, anangomupatsa chilolezo chonse, nati mumtima wachibale sangawononge.

A Kamphinda anamwalira. Anthu atabalalika pa maliro, Ndaziona anatsegula mawu aja pakhonde kuti atonthoze mayi ake a Nachisale, mlongo wa malemu. Mawu anatuluka ali moyo, akutsokomola, akuseka. Mayiwo anatseka makutu ndi chitenje.

"Chotsa, mwanawe. Achimwene tawaika dzana, asalankhulenso pakhonde pano."

Ndaziona anadina pochotsa, poganiza kuti akuchotsa m'foni mwake mokha. Pulogalamu inamufunsa ngati watsimikiza, iye anavomera osawerenga, misozi ili m'maso. Popeza anali ndi chilolezo chonse, seva sinamukanize. Mawu onse anapita, ndipo panalibe pena pamene anasungidwa.

Lemani atapeza khomo lili pululu, namva zimene zinachitika pakhonde paja, anapita kwa azakhali ake ali piringupiringu. Anawakalipira pamaso pa ana, kuti amoyo inu mwawapha bambo kachiwiri, mawu amene mwana salankhula kwa munthu amene anamubereka kumbuyo. Azakhali sanakweze mawu. Anangoti iwo ananena zochotsa m'makutu mwawo, za seva sazidziwa n'komwe. Ndaziona anavomera kuti chala chinali chake, kenaka anamuyang'ana Lemani.

"Koma asuweni, ine ndinapempha supuni. Mpeni munandipatsiranji?"

 Lemani anabwerera kwawo modutsa kuseri kwa nyumba, kuopa kukumana ndi anthu.

Tsopano tsiku lovundukula chiliza layandikira. Abale ochokera kutsidya kwa malire, amene sanafike pa maliro, akubwera atalonjezedwa kuti adzamva a Kamphinda akulankhula. Wina ayenera kudzaimirira pamaso pawo n'kunena kuti mawuwo kulibe, ndipo anatayika m'manja mwake. Atatu onse akukana, atatu onse sakugona tulo.

Inu mwamva nkhaniyi, adzaimirire ndani: mayi amene analamula osadziwa kukula kwa mawu ake, mtsikana amene anadina osawerenga, kapena mwana wa malemu amene anatsegula khomo lonse chifukwa chotopa ndi foni?