Khitchini ya M'bwato la Mayi Jamilah

Pafupi ndi malire a Mwanza, kuseri kwa pamene mathiraki amafola, padali shedi ya ukalipentala ya Ashiraf. Luso adali nalo: thabwa la mlombwa likadutsa m'manja mwake linkawala ngati lodzola mafuta. Koma chibwerereni mlamu wake Hafizi kuchokera ku Beira, komwe adakhalitsa akukonza mabwato, mtima wa Ashiraf sudakhalenso m'malo. Ankagwirira limodzi ntchito, komabe aliyense wolowa ankayamba wafunsa kuti, "A Hafizi alipo?" Funsoli linkamulasa ngati munga wa kuchidendene.

Tsiku lina Hafizi atapita ku Thambani kukasankha matabwa, adatulukira Mayi Jamilah, wamalonda wotchuka pamalirepo. Iwo ndi amuna awo adali atagula bwato la thanga, nsalu yokankhidwa ndi mphepo, ku Beira, loti aziyenda nalo maulendo ataliatali panyanja yamchere, ndipo ankafuna khitchini ya m'katimo.

"Ndamva kuti alamu anu ndiwo amazitha za m'madzizi," adatero mayiwo.

"Iwo aja ntchito yawachulukira, mayi," adayankha Ashiraf, maso ali gwa. "Khitchini ndi khitchini basi. Ndisiyireni miyeso."

Adaigwira ntchitoyo ngati wolumbira. Adapanga mashelefu aatali opanda chotchinga, makabati a zitseko zagalasi, ndi tebulo losalala loti ntchentche n'kuterereka. Chitofu adachikonzera pokhala pamwamba, poonekera bwino. Mkazi wake Kulsumu, yemwe adali mlongo wa Hafizi, adayesa kumunong'oneza.

"Bambo a Ashura, bwanji osawafunsako achimwene? Inu nyanja mudangoiona pa foni."

"Ndifunse? Kuti mawa azikanena kuti adandigwira dzanja? Nkhwangwa ndidayamba kugwira iwo asanadziwe njira ya ku Zobue!"

Hafizi naye ataona ntchitoyo adakanda kumutu. "Alamu, n'zokongola ndithu. Koma bwato likapendekeka ndi mphepo..."

"Yang'anani zanu, alamu," adamudula Ashiraf. Hafizi adabwerera pa benchi yake.

Katundu adanyamulidwa kupita ku Beira, ndipo Ashiraf adapita yekha kukakhoma. Atamaliza, eni bwato adamutenga pa ulendo woyesera. Padoko madzi adali bata, Mayi Jamilah n'kumasisita matabwa, pakamwa pali mwee. Ashiraf adayamba kale kukonza mawu okawauza a kumudzi.

Atangotuluka pa doko, mphepo idadzaza thanga, bwato n'kugonera mbali imodzi. Zitseko zagalasi zidatseguka zokha. Mbale, makapu ndi mabotolo a zokometsera zidatsika m'mashelefu ngati mbuzi zotulutsidwa m'khola. Mayi Jamilah, amene ankaphika tiyi, adasowa pogwira m'khitchini yotakasukayo ndipo adakagunda nthiti pa ngodya ya tebulo. Ketulo idatsetsereka pachitofu, madzi owira n'kuwakhuthukira pamwendo. Kukuwa kwawo kudaposa mkokomo wa mafunde.

Bwato lidabwerera msangamsanga. Panja pa chipatala, amuna a mayiwo sadakalipe. Adangofunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi zikadachitika tili pakati pa nyanja, kutali ndi dokotala, mukadandiuza chiyani?"

Adaitanidwa Hafizi. Ashiraf adaima pambali, akuonerera ntchito yake ikuphwasulidwa thabwa ndi thabwa. Mlamu wakeyo adachepetsa malo kuti wophika azitsamira, adaika timipanda m'mphepete mwa mashelefu, zokolowekera pa zitseko, n'kuzungulitsa ngodya zonse. Chitofu adachipachika molendewera, kuti bwato likapendekeka mphika uzikhalabe chilili.

"Zonsezi ndikadakuuzani tikumwa tiyi, alamu," adatero Hafizi mosanyoza. "Ntchito ikadakhala yanu, dzina lanu."

Mawu ofatsawo adamupweteka Ashiraf kuposa mbama. Pofika ku Mwanza adapeza mbiri itamutsogolera kale. Madalaivala ndi osintha ndalama ankangokodolana akamadutsa. Mayi Jamilah adachira, koma chipsera chidatsala, ndipo sadapondenso pa shedi ija. Chimene Ashiraf ankachiopa, chidadza ndi manja ake omwe: dzina la Hafizi lidakula kuposa kale.

Nsanje idamutseka pakamwa pomwe yankho lidali pa benchi yoyandikana nayo. Akuluakulu sadaname: safunsa adadya phula.