A Ndanena ndi Tsamba la Zaka Zosafika

Mu ofesi ina ya osindikiza mabuku, pamwamba pa sitolo ya nsapato, munkagwira ntchito bambo wina amene anzawo ankawatcha a Ndanena. Dzinali silinachite kugwa kumwamba. Akanena chinthu ankagogoda tebulo ndi chala n'kumaliza kuti, "Ndanena," ndipo wofuna kuwatsutsa ankangotaya malovu ake. Sanali munthu woipa ayi. Shuga wawo ankathirako aliyense, mnzawo akadwala ankayamba ndi iwo kukamuona. Chokhacho, mawu akuti "mwina" ankadana nawo ngati kamwala mu nsapato.

Ofesiyo inali pa kalikiliki kukonza insaikulopediya, chibuku chija chofotokoza zinthu zonse motsatira zilembo. M'bukumo zaka khumi zilizonse zinali ndi tsamba lake. Akonzi aakulu, mayi wa magalasi otsetserekera pamphuno, anaganiza zoikamonso tsamba la zaka khumi zikubwerazo, ndipo ntchitoyo inagwera a Ndanena.

"Koma mumvetsetse, achimwene," anatero akonziwo. "Mulembe zokhazo zimene sizingathawe. Kadamsana akatswiri anawerengera kale tsiku lake, ameneyo alowe. Koma za mapulani a anthu muzinena kuti akuti, ndipo muzitchula amene akuteroyo."

"Ndiye likhala tsamba la munthu wamantha," anayankha a Ndanena. "Anthu amagula buku kuti adziwe, osati kuti tizikayikira nawo limodzi."

"Ife si alosi, achimwene."

"Ulosi wake uti, amayi? Munthu akaona mitambo yakuda amaanula zovala, safunsa."

Pakati pa tsamba lawolo a Ndanena anaika mlatho waukulu umene unkamangidwa pa mtsinje wodula mzindawo pakati. Zipilala zake zinali zitaima kale, aliyense ankaziona. Iwo analemba kuti mlathowo udzatsegulidwa zakazo zikangoyamba, kuti owolotsa anthu pa mabwato adzasowa ntchito, ndipo msika udzasamukira tsidya lina. Akonzi anakhwatcha ndimeyo ndi cholembera chofiira n'kulemba m'mbali kuti, "Wakuuzani ndani?" A Ndanena anangomwetulira. Nthawi yoona masamba komaliza itakwana, akonzi anali kumudzi kwawo kukadwazika mayi awo, ndipo a Ndanena anabwezeramo ndime yawo yonse, osasiya ndi kadontho komwe.

Zikanathera ku ofesi bwenzi zilibe kanthu. Tsoka lake matendawa anapita nawo kunyumba.

Akazi awo anali telala, ndipo nthawi zambiri ankasoka tizovala ta ana a anthu ena. Awiriwa anali atakhala m'banja mpaka imvi kuyamba kusuzumira, koma mwana sanabwere. Ankangoitanana kuti "abambo" ndi "amayi," popanda dzina la mwana loti n'kulumikizapo. M'kachipinda kakang'ono moyang'anana ndi khitchini munali kabedi ka mwana kamene anagula atangokwatirana kumene. Mayiwo ankakapukuta fumbi Loweruka lililonse, ndipo nkhani yake sinkakambidwa.

Tsiku lina a Ndanena anafika ndi matabwa ndi misomali.

"Amayi, kachipinda kaja ndikufuna ndikhomemo mashelefu a mabuku. Kabedi kaja tipatse mng'ono wanu, poti iye akuyembekezera."

Mayiwo anaimitsa makina osokera. "Kakukudyerani chiyani, abambo? Kamakulankhulani kodi?"

"Zaka khumi zikubwerazi ndazilemba ndi dzanja langali, ndikuzidziwa. Muli ine ndi inu, awiriwiri basi. Tisamadzinamize."

"Kasiyeni chabe. Mwina..."

"Mwina ameneyo watikalambitsa." Anagogoda chitseko ndi chala. "Ndanena."

Tisawaweruze msanga bambowa. Kabediko kankawabaya mtima m'mawa uliwonse akamadutsa kupita kokasamba, ndipo anali atatopa ndi kudikira. Kwa iwo kunena kuti "ndikudziwa" kunkapweteka pang'ono kusiyana ndi kuyembekeza. Koma anaiwala kuti m'nyumbamo munali mtima wina umene unkakhalira chiyembekezo chomwecho. Akazi awo anakapukuta kabediko komaliza, anathandiza kukakweza pa galimoto, kenako anakadzitsekera kubafa n'kutsegula mpope kuti kulira kwawo kusamveke.

Mashelefu anakhomedwa mpaka kudenga. A Ndanena anagwiritsa ntchito misomali italiitali, ati kuti asadzagwedezeke mpaka kalekale. Patapita nthawi mayiwo anayamba kufooka, kudana ndi fungo la mafuta ophikira, kusinza pa makina dzuwa likuswa mtengo. Amuna awo anawayang'ana kamodzi n'kugamula mlandu. "Zilonda za m'mimba izi. Muchepetse tsabola. Ndanena."

Buku linatuluka, lolemera bwino, lonunkhira inki. Lisanafike n'komwe m'masitolo, wailesi inalengeza kuti ntchito ya mlatho yaimitsidwa. Pansi pa mtsinje panapezeka kuti m'pofewa, zipilala zinayamba kutitimira, ndipo omanga anapakira zida zawo n'kumapita. Owolotsa pa mabwato, amene a Ndanena anali atawachotsa kale ntchito pa pepala, anagula mabwato ena oonjezera.

Akonzi anatsegula bukulo pa tsamba lija, anatsitsa magalasi, anawayang'ana a Ndanena mpaka bambowo anayamba kukanda m'khosi. Sanakalipe. Anangolamula kuti pasindikizidwe timapepala tokonza ndimeyo, ndipo ofesi yonse, kuyambira akonzi eniake mpaka wojambula zithunzi, ikhale pansi imate kapepala m'buku lililonse. Mabukuwo anali mulu wofika pazenera.

Apa ndiye anzawo anapezerapo podyera. Wojambula zithunzi ankati akanyamula buku ankafunsa mwaulemu, "A Ndanena, mawa ndivale jekete kapena ayi? Tationerani m'tsogolomo." Wina ankati, "Ine ndikufuna kuwoloka pa mlatho wanu uja, basi yake inyamuka nthawi yanji?" A Ndanena ankangomata, makutu ali gwa, zala zitakakamira guluu. Manyazi anawagwira zedi, koma pakamwa sipanatuluke mawu opepesa.

Ali mkati momata, chitseko chinatseguka ndipo analowa akazi awo, amene sankakonda kubwera ku ofesiko. Ankachokera kuchipatala, atavala diresi lawo lopitira kokaonana ndi anthu, nkhope yosadziwika ngati alira kapena aseka. A Ndanena anadzambatuka.

"Amayi, kwagwanji? Adokotala akuti chiyani? Ndi zilonda zija?"

"Zilonda zanu zija andiunika nazo," anatero mayiwo. "Zili ndi mitu, abambo. Zili ndi timiyendo."

A Ndanena anayasama kukamwa, burashi ya guluu ili m'manja.

"Mukuti... mwana?"

"Ana. Adokotala anawerenga, anapukuta magalasi, anawerenganso. Ndi mapasa."

Bambo amene sankasowa chonena uja anakhala pansi pa mulu wa mabuku, n'kuyamba kulira ngati mwana wotayika pamsika. Pofuna kupukuta misozi anaiwala za guluu, ndipo kapepala kena kanawamatirira patsaya. Akonzi anavula magalasi n'kuyamba kululutira, wojambula zithunzi anamenya tebulo ngati ng'oma, mpaka a sitolo ya nsapato anakwera kudzafunsa ngati kwabuka moto.

"Ndikhululukireni, amayi," anatero a Ndanena atagwira manja a akazi awo. "Kabedi kanu kaja ndinakapereka ine ndi liuma langali. Ndikakatenga lero lomwe."

"Mukakatenga bwanji, poti mwana wa mng'ono wanga akugonamo kale?" Mayiwo anaseka misozi ikutsika. "Ndiponso nanenso ndinaphonya. Zaka zonsezi ndinkapukuta kabedi kamodzi. Kakanakwana ndani?"

Loweruka lotsatira anthu oyandikana nawo anamva phokoso la hamala kuyambira m'mawa. Misomali italiitali ija inakana kuzuka, inatuluka ndi zidutswa za khoma, ndipo a Ndanena anatuluka m'kachipindamo ali mbuu ngati wogwira ntchito kuchigayo, koma akuimba. Matabwa a mashelefu anapita nawo kwa kalipentala kuti awasandutse timabedi tiwiri.

Pokonza bukulo kuti lisindikizidwe kachiwiri, akonzi anawapatsanso tsamba lomwe lija. Anabwera nalo lalifupi, theka la tsamba: kadamsana ndi tsiku lake, mapulani angapo ndi maina a eni mapulaniwo, basi. Pa phewa la jekete lawo panali banga la mkaka, maso ali psuu ndi tulo.

"Zokhazi, achimwene?" anafunsa akonzi. "Nanga zina zonse za zaka khumi?"

"Siyani malo, amayi," anayankha a Ndanena. "Eni ake akadzafika adzalemba okha. Ine kwathu sindidziwa n'komwe amene ayambe kulira mwa awiri aja."

Mlatho umene mzinda wonse unkauona ndi maso sunafike, koma ana amene bambo wawo anawakhomera misomali pakhomo anafika awiri, osagogoda. Akuluakulu sananame: chakudza sichiimba ng'oma.