Mwana wosankhidwa m'mbale

Ndikulumbira pali korona ili m'khosiyi, ndikanama mphenzi indipeze pakhonde! Zonsezi n'zoona.

Panali munthu wina wogulitsa matayala, wolemera ndithu, koma makutu ngati malichero. Mvula ikagwa, ana ankausa pansi pake. Mtundu wawo wonse unali wotero, ndipo iye ankadana nawo, moti ngakhale mlongo wake weniweni iye ankamubweza pageti.

Atakwatira anamva kuti kunja kuli madokotala oika timbewu ta ana m'mbale, kholo n'kusankha lokha. Anakatsanzika kwa wansembe wa parishi yake.

Wansembe anati, "Nzeru za madokotala n'zochokera kwa Mulungu. Mwana akadwala, thamangirani komweko. Koma mwana ndi mlendo, timalandira amene wabwera. Si tomato wodinadina pamsika."

Iye anaseka. "Bambo mfumu, inu za ana muzidziwira kuti? Zanu ndi makandulo."

Anapita ndi mkazi wake. Anamuonetsa timbewu tawo, iye n'kuloza kamodzi: kamtali, kanzeru, timakutu taulemu. Dokotala anafunsa za totsalato.

"Tayani."

Mwana anabadwa wosalala ngati sopo. Anamubatiza Chisankho. Tsiku ndi tsiku bambo ankamusisita mutu n'kumati, "Iwe ndinachita kukusankha. Anzako olakwika ndinataya." Mwana ankangomvetsera. Paja anali wanzeru.

Zaka zinapita, mayi anamwalira, bambo anagwidwa ndi sitiroko. Kamwa inapotoka, dovu chuchuchu, mwendo n'kumakoka. Chisankho anabwera, anamuyang'ana uku ndi uku, anamudina patsaya.

"Adadi, mwawonongeka."

Sanakalipe, sanalire. Anamukweza m'galimoto pamodzi ndi matayala akutha, n'kukamutsitsa kumudzi, pakhomo pa mlongo uja wobwezedwa pageti. Mlongoyo anatuluka, makutu lendelende, anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, kuno sitisankha. Lowani."

Ndiye inu abale anga, mpeni womwe dokotala amachotsera chotupa ndi womwewo wophera. Mukaphunzitsa mwana kuti munthu amakhala ndi moyo chifukwa wakhoza mayeso, dziwani kuti tsiku lina adzakulemberani anu, ndipo ukalamba sukhoza mayeso.

Zoti ana ankausa mvula pansi pa makutu ndangothira mchere, ankausapo ndi anapiye okha. Koma mkuluyo alipo, ali pakhonde mpaka lero, maso ali kumsewu. Galimoto ija sinabwererenso.