Beseni Lopita ndi Kubwera

Pa esiteti ina ya tiyi, kapitawo Zuze anauza Esinala wothyola tiyi kuti, "Mawa undibweretsere nkhuku yokazinga, apo ayi ntchito yatha."

Esinala anakazinga kankhuku kowonda n'kukaika m'beseni lalikulu zedi. Anakatula kunyumba kwa Zuze, podziwa kuti apongozi aakazi a kapitawoyo abwera kudzacheza.

"Kandiwo ka abwana aka, amayi," anatero atagwada.

Apongoziwo anakondwera. "Kwathu mbale sibwerera yopanda kanthu. Bambo, mpunga wanu uja uli pati?"

Mkamwini angawatsutse apongozi? Zuze anangoyang'ana thumba lake likukhuthulidwa mpaka beseni linasefukira.

Esinala anasenza, n'kucheuka mwaulemu. "Sabata yamawa ndibweretsenso, bwana?"

"Usavutike," anatero Zuze akukukuta mano.