Ng'ombe za Yotamu

Ana inu, amene mumati manyazi ndi ulemu basi, tamvani za Yotamu.

Yotamu anali mkamwini. Pokakhala kwawo kwa mkazi wake Elube, anapita ndi ng'ombe ziwiri zapangolo zomwe anamusiyira malemu bambo ake. Msuwani wake Dzoole ndiye adazikusa ulendo wonsewo. Kuchikamwiniko Yotamu anali wa ulemu mpaka kunyanya: akangoona apongozi ake, mayi Nankhoma, akubwera m'njira, iye ankapatukira kutchire ngakhale kuli chitedze.

Patatha zaka khumi Elube anamwalira. Akuchikazi atamusudzula, Yotamu anatenga ng'ombe zake nabwerera kwawo. Koma sanathe mwezi, inamupeza samani yomuitanira kukhothi. Apongozi aja anakamusumira kwa majisitireti kuti ng'ombezo n'za pamudzi pawo.

Tsiku la mlandu mayi Nankhoma anaima nanena mosaphethira: "Ng'ombezo zidagulidwa ndi fodya wolimidwa m'munda mwanga."

"Bambo Yotamu, muli ndi funso kwa mayiwa?" anafunsa majisitireti.

Yotamu anangozyolika. Munthu amene sanawayang'anepo kumaso, lero awatche abodza pagulu?

"Ndilibe, bwana."

"Nanga mboni?"

"Ayi, bwana."

Chonsecho Dzoole anali panja pomwepo, patsinde pa mtengo, kudikira kuitanidwa. Ng'ombe zinapita.

"Msuwani, mwandiyendetseranji mtunda wonsewu?" anakalipa Dzoole.

"Dekhani. Ndichita apilo. Kukhothi lalikulu, kwa anthu osatidziwa, ndikakhuthula zonse."

Apilo anachitadi, m'masiku ake oyenera. Kalaliki anamuthandiza kulemba madandaulo, mapepala onse a mlandu natumizidwa kutauni. Miyezi isanu yodikira Yotamu ankalima ndi khasu, pakamwa akubwereza mawu okanena. Ngolo inangokhala kuseri kwa nyumba, nkhuku n'kumaikiramo mazira.

Tsiku litakwana, anakwera basi ndi Dzoole. Jaji anali mayi wofatsa, ndipo patsogolo pake panali mapepala aja.

"Bambo, kuno sitiyambanso mlandu," anatero jajiyo. "Timawerenga zomwe zidanenedwa kukhothi loyamba, n'kuona ngati woweruza adaphonya lamulo kapena adaumva molakwika umboni. Adalakwitsa pati?"

"Ng'ombezo n'za bambo anga. Mboni ndi iyi, ndabwera nayo."

"Mboni yatsopano timailola pokhapokha ngati sikadapezeka nthawi ija. Inali kuti?"

"Inali panja."

"Adakukanizani kuiitana?"

"Ayi. Ndinkachita manyazi ndi apongozi."

Jaji anatembenuza pepala, naliyang'ana nthawi yaitali. Pansi pa dzina la Yotamu panali mizere iwiri yokha: alibe funso, alibe mboni.

"Mwina mukunena zoona," anatero motsitsa mawu. "Koma majisitireti adaweruza ndi zimene mudamupatsa. Sindingamudzudzule chifukwa cha mawu amene inu mudawasunga m'mimba."

Chigamulo sichinasinthe. Ine zimandiwawa mpaka lero, chifukwa munthuyo sananame ngakhale kamodzi.

Pobwerera, basi inaima pomwe anthu amagulitsa mbewa zapampani. Dzoole, yemwe anali katswiri wokumba mbewa, anaziyang'ana napukusa mutu.

"Msuwani, tikafukiza utsi kuuna, mbewa yotuluka ija nthawi zina imatipulumuka. Izi mukuzionazi ndi zija zidati tituluka anthu akachoka."

Chaka chomwecho Yotamu anaona ng'ombe zake zikukoka ngolo ya mlamu wake kumsika. Imodzi inamuzindikira, inaima n'kulira, mpaka anaikwapula kuti iyende.

Mawu a Dzoole aja ndiwo anthu anawafupikitsa n'kumati: "Mbewa yamanyazi idafera kuuna." Tanthauzo lake n'lakuti ulemu ndi wabwino, koma ikafika nthawi yonena chilungamo chako, nena pomwepo, mwaulemu momwemo. Ukati ndikanena kutsogolo, ukapeza kutsogoloko akungowerenga zimene udanena kumbuyo.