Mbewu ya Nangondo pa Phiri la Kachere

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu unachokera kwa mayi wina wotsimphina, dzina lake Nangondo.

Chaka china m'mudzi mwawo munafika mbewu ya chimanga yachilendo. Ankati akatswiri anaisintha m'kati mwenimweni kuti mbozi zisamaidye. Sanali mabodza ayi: zitsononkho zake zinali ngati mkono wa munthu. Koma mbewuyo inkabwera pa lole chaka ndi chaka, ndipo anthu analeka kupachika mbewu pa utsi.

Nangondo yekha anakakamira chimanga cha makolo, chija cha maso ang'onoang'ono. Mwana wake mmodzi yekhayo, Ganizani, anachita naye manyazi.

"Amayi, mukundiseketsa kwa anthu. Chimanga chanucho n'chopinimbira ngati mwendo wanuwo."

Mayiyo anasenza dengu lake nakalima kuphiri la Kachere, kumene mungu wa minda ina sunkafika. Zaka zisanu anakhala kumeneko yekhayekha. Ankapalira akuyankhula ndi mapesi, ndipo akaphika ankatulutsabe mbale ziwiri, ina n'kuibweza yosadetsedwa.

Chaka chachisanu ndi chimodzi mvula yoyamba inakokolola mlatho, lole osafika. Chimanga chotsala m'nkhokwe anankafumbwe anali atachisandutsa ufa. Mizere inali yokonzeka, nthaka yonyowa, chobzala palibe.

M'mawa wina Nangondo anamva "Odi!" wamanyazi. Anali Ganizani, chipewa chili m'manja, maso ali kudenga kumene kunkalendewera zitsononkho zakuda ndi mwaye.

"Wadzera ine, kapena wadzera izo?" anafunsa mayiyo.

Ganizani anayang'ana pansi. "Mbewu, amayi."

"Bola wanena zoona. Tsitsa wekha, iwe wa miyendo yabwino."

Anatsitsa, nazilonga m'dengu limene anabwera nalo, natsikira nazo kumudzi, ndipo anthu anagawana m'manja m'manja n'kubzala. Nangondo anatsala pakhomo akuyang'ana njira. Patapita masiku atatu Ganizani anakweranso phiri, ulendo uno wopanda dengu, nakhala pamphasa. Tsiku limenelo mbale zonse ziwiri zinatsukidwa.

Ndiye pake akulu amati, "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo." Chatsopano landirani, si choipa. Koma chimene chinakulerani musachinyoze chifukwa chachepa, poti tsiku limene lole sidzafika mudzakwera phiri kukachifuna.