Udzu wa ku Canada pa Nkhope ya a Dauda

Nedson ankaima pakhomo la nsanja ina ya maofesi ku West Bay, mumzinda wa Doha, maola khumi ndi awiri patsiku, atavala yunifolomu yabuluu, ntchito yake kupereka moni kwa anthu osayankha. Koma musamuone choncho. Kwawo ku Balaka anali mmisiri wa penti, ndipo theka la magolosale ndi masaluni a pa siteji linali ndi zikwangwani za dzanja lake. Atafika ku Doha dzanjalo silinagone ayi. Anatola matabwa asanu ndi atatu a mabokosi otayidwa kuseri kwa nsanja, nawasalaza bwinobwino, n'kuyamba kujambulapo anthu amene ankakhala nawo.

Pa thabwa lina panali mnyamata wa ku Nepal wokolopa, ali mtulo choimirira pamzere wa basi. Pa lina panali mlonda wa ku Kenya akusita malaya pamwamba pa sutikesi. Koma chithunzi chimene aliyense ankaimapo nthawi yaitali chinali cha a Dauda, dalaivala wachikulire wa ku Mangochi amene ankagona bedi la pansi m'chipinda chawo cha anthu anayi. Anawajambula atakhala pabedipo, foni ataitalikitsa ndi dzanja chifukwa maso anayamba kuwavuta, akuyang'ana pafonipo mdzukulu amene sanamunyamulepo. Matabwa onsewo ankakhala kunsi kwa bedi, pakati pa nsapato ndi thumba la mpunga.

Amene anayambitsa nkhani yonseyi ndi Dorcas, mphunzitsi wa ku Malawi wokhala ku Al Thumama, kumene Amalawi ankakumana Lachisanu lina ndi lina. Ataona zithunzizo pafoni ya Nedson anagwira pakamwa. Patapita sabata anamuitana.

"Achimwene, ndapeza malo. Ku Canada kuli famu yakale pakati pa chidikha cha udzu, kutali ndi tauni. Chaka chilichonse amaitana ojambula awiri kukakhala miyezi itatu. Tiketi ndi yawo, nyumba ndi yawo, chakudya ndi chawo. Tiyeni tipange apply."

"Ntchito yake ndi yotani, asisi?"

"Palibe ntchito. Mukajambula basi."

"Supervisor ndani?"

"Palibe."

"Nanga ma shift amayamba nthawi yanji?"

"Achimwene, ndati palibe! Mukadzuka nthawi imene mwafuna, mukajambula chimene mwafuna."

Nedson anakanda m'mutu. Zaka zinayi za ku Doha zinamuphunzitsa kuti munthu akakupatsa bedi, ndiye kuti msana wako waugula kale. Tsono awa opereka bedi, chakudya ndi tiketi, osafuna kanthu, anali anthu otani? Mwina ndi sukulu? Mwina ndi mpingo? Sanamvetse, koma anavomera. Dorcas anajambula matabwa asanu ndi atatu aja ndi foni yake, natumiza.

Yankho linabwera patatha miyezi iwiri, ndipo Nedson analiwerenga katatu ali chiimire pakhomo la nsanja. Mwa anthu mazana amene anapempha, iye anali m'gulu la asanu otsala. Pakatha masabata atatu adzacheza naye pavidiyo mayi wina dzina lake Fraser, woyang'anira malowo, ndipo awiri mwa asanuwo ndiwo adzapite. Kumapeto kwa kalatayo kunali mzere wakuti, pa tsikulo mukhale ndi zojambula zanu pafupi.

Zojambula ziti? Apa ndi pamene mutu wa Nedson unayamba kuzungulira. Anatsegula tsamba la anthu aja pa intaneti kuti aone zimene amakonda. Chithunzi choyamba, udzu. Chachiwiri, udzu ndi mitambo. Chachitatu, udzu ndi khola lofiira lili lokha ngati lakwiya. Anapitiriza mpaka chala chinatopa, osaona munthu ngakhale mmodzi, kaya mbuzi. Kenako anasuzumira kunsi kwa bedi, naona mnyamata wokolopa uja ali kukamwa yasa, ndipo manyazi anamugwira. Anthu okonda udzu chotere, ine ndikawaonetse alonda otopa ndi okolopa?

Anakumbukira mawu a ejenti amene anamupezera ntchito ku Lilongwe. Bamboyo anawaika pamzere anyamata makumi awiri nati: bwana akafuna mlonda, iwe ndiwe mlonda kuyambira kubadwa, pa intavyu safunsa mafunso, wofunsa amaoneka mbuli. Nedson anali asanalonderepo ngakhale khola la nkhuku, koma anaima njo, nayankha "yes sir" paliponse, ndipo ndege anaikwera. Nzeru imene inamufikitsa ku Doha ingalephere bwanji kumufikitsa ku Canada?

"Akufuna udzu," anawauza a Dauda madzulo atabwera ku ntchito. "Ndiwapatsa udzu."

A Dauda anavula nsapato pang'onopang'ono. "Akuuza kuti akufuna udzu?"

"Sanachite kunena, madala. Zimaoneka."

"Iwe Nedson, ine ndayendetsa mabwana zaka khumi ndi zisanu. Bwana akangoti tiye ku Pearl, ndimafunsa geti liti. Alembere, uwafunse. Kalata yake ndi mzere umodzi."

"Ndikafunsa aona ngati sindikudziwa zimene ndikuchita."

"Nanga ukuzidziwa?"

Nedson anabwerera pa foni yake, n'kumayang'ananso udzu uja. Dorcas nayenso atamva anatumiza uthenga wa mawu wautali, wakuti mayi aja anasankha zithunzi zimene anaziona, ndipo ngati pali chokayikitsa iye akhoza kuthandiza kulemba funsolo m'Chingerezi chabwino. Nedson anayankha ndi kachala koloza m'mwamba, n'kutseka foni. Kunena zoona, mantha ndi amene ankamulamulira, koma iye ankawatcha nzeru.

Vuto linali matabwa. Kuseri kwa nsanja kunabwera kapitawo watsopano amene sankalola ngakhale msomali kutuluka pageti, ndipo kunsi kwa bedi kunalibe malo a thabwa lachisanu ndi chinayi. Nedson anaganiza tsiku limodzi lokha. Zithunzi zakalezi zili kale m'foni, anadziuza, ndipo azungu aja anaziona kale. Anapempha chitini cha penti yoyera ya makoma kwa mnzake wa ku mentenansi, natenga burashi yaikulu. Mnyamata wa ku Nepal anapita ndi mikwingwirima inayi. Mlonda wa ku Kenya anapita ndi sutikesi yake yomwe.

Kenako inayamba ntchito ya udzu, ndipo abale, inali ntchito! Udzu umene Nedson ankauona ku Doha unali kapinga wothiriridwa ndi mapaipi m'mbali mwa msewu. Wa m'foniwo sanadziwe ngati umafika m'mawondo kapena m'khosi, ngati ndi wachikasu chifukwa cha dzuwa kapena ndi mtundu wake. Akajambula, unkatuluka tsekera wa ku Balaka. Akakonza, unkaoneka ngati mpunga wa ku Karonga. Thambo nalo linamusokoneza, chifukwa linkadya theka la thabwa popanda chochitika. Iye amene ankadziwa kuti munthu wotopa amagwetsa phewa liti, tsopano ankakhala ola lathunthu akuyang'ana mtambo, osadziwa poyambira. Pomaliza anangoika foni pambali pa thabwa n'kumakopera mzere ndi mzere.

Thabwa la a Dauda linali lomaliza. Mwini nkhope anamupeza atalitulutsa, chitini chili chotsegula.

"Nachonso?"

"Khola lofiira likufuna thabwa lalikulu, madala. Ndidzakujambulani china ndikabwerako."

A Dauda anayang'ana chithunzicho kanthawi. "Ine ndimati contract ikatha ndidzakupemphe, ndikawaonetse kunyumba mmene ndinkawaonera." Anapumira m'mwamba. "Khalas, zatha. Ndi thabwa lako."

Nedson ananyika burashi m'chitini, naitsitsa pa thabwa.

Tsiku la kucheza linali Lachisanu, faifi koloko madzulo, kumene ku Canada kunali kutangocha. Anakachitira kwa Dorcas chifukwa intaneti ya kumeneko sinkadukaduka. A Dauda ananyamula matabwa pa galimoto ya bwana wawo, atakulungidwa m'mashiti. Dorcas anafuna kuwavundukula, koma Nedson anamuletsa, akuti aone limodzi ndi azungu. Anavala malaya oyera, nakhala njo pampando monga anaphunzitsira ejenti uja.

Mayi Fraser anaoneka pa kompyuta, mayi wa imvi, atavala juzi yokhuthala, kapu ili m'manja. Anayankhula Chingerezi chapang'onopang'ono, akumwetulira. Anati komiti yawo yonse ikufunitsitsa kuona bambo wa foni uja, kuti mmodzi wa iwo analira ataona chithunzicho, ndipo anapempha kuti ayambe ndi chimenecho.

Nedson sanamve bwino, kapena anamva koma mutu unakana. Anavundukula thabwa lalikulu nalikweza. Udzu, mitambo, khola lofiira.

Mayi aja anayandikira pa kompyuta, nachotsa magalasi, nawabwezeranso. "Pepani, ichi ndi chiyani?"

"Ndi kwanuko, madam."

"Ndikuona. Chithunzi chimenechi ndinajambula ndine ndi kamera yanga. Kholalo linagwa ndi mphepo zaka ziwiri zapitazo." Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wasokonezeka. "Chabwino. Nanga zisanu ndi zitatu zija zili kuti?"

"Ndi zomwezi, madam."

"Ayi, ndikunena za anthu zija."

"Yes madam. Ndi zomwezi."

Dorcas anavundukula thabwa lachiwiri, lachitatu, lachinayi, manja akufulumira, ndipo paliponse panali udzu. "Mayo ine, achimwene, mwatani?" ananong'ona. Kenako anatembenukira ku kompyuta n'kuyesa kufotokoza kuti anthuwo alipo, kungoti ali pansi pa udzu. Mayi Fraser anafunsa ngati pansi pake akutanthauza kuseri kwa thabwa. Nedson anatembenuza thabwa, naonetsa kuseri kopanda kanthu. Kwa kanthawi anthu anayi anangoyang'anana, wina ku Canada, atatu ku Al Thumama, aliyense akudikira kuti mnzake amuthandize kumvetsa.

Atamvetsa, kumwetulira kwa mayi aja kunatha. Anafotokoza mofatsa kuti lamulo lawo ndi lakuti aone zojambula zenizeni m'manja mwa mwini wake, chifukwa masiku ano ena amatumiza ntchito za anzawo, ena zopangidwa ndi kompyuta. Anati iwo sakumuganizira zoipa. Koma komiti akaiuza chiyani, poti chimene aona ndi maso awo ndi zithunzi zawo zomwe, zokopedwa?

Kenako ananyamula kompyuta yawo n'kuilozetsa pawindo. Nedson anaona chidikha chija koyamba chikuyenda. Udzu unkagwedezeka ndi mphepo mpaka kumene dziko limathera, ndipo sunafanane ngakhale pang'ono ndi wa pa matabwa ake.

"Udzu tili nawo, bambo Nedson," anatero. "Aliyense wobwera kuno amatijambulira udzu. Koma kamudzi kathu kapafupi kali ndi anthu mazana awiri, ambiri okalamba, ana awo anapita kumizinda. Adzukulu amawaonera pafoni, ataitalikitsa chonchi. Tinkafuna munthu wodziwa kuona nkhope zotere. Mukanangondilembera."

"Yes madam," anatero Nedson.

Kalata inabwera patatha masiku asanu, yaulemu kwambiri, yofunira zabwino. Malo awiri aja anapita kwa ena.

Lachisanu lotsatira Nedson anatulutsa thabwa lalikulu panja, pamthunzi wa khoma, ali ndi botolo la thina, mankhwala osungunulira penti, ndi kansalu. Ankaganiza kuti akapukuta mosamala khola lichoka, penti yoyera ichoka, a Dauda atsala. Anapukuta pakona, udzu unasungunuka. Anapukutanso, choyera chinayamba kusuntha, ndipo panaoneka kachidutswa ka khutu. Koma thina sasankha. Khutu linasungunuka limodzi ndi udzu, zonse zinasanduka phala lotuwa lotsikira pa zala zake, mpaka panaoneka thabwa lenileni la bokosi. Anasiya, nakhala pansi, ndipo analira ngati mwana, osasamala kuti ma guard anzake akudutsa.

A Dauda anatuluka ndi kapu ya tiyi, naima pambali pake, akuyang'ana phala lija.

"Ndiye ndine ameneyu?"

"Pepani, madala. Ine mpaka lero sindikumvetsa. Ndinawapatsa zimene zinali pa tsamba lawo."

"Unawapatsa zimene ali nazo kale. Kodi ukapita kwa msodzi umamutengera usipa?" Anamwa tiyi. "Tiketi yanga yobwerera kumudzi ndi ya pa fifitini mwezi wamawa. Kunyumba ndikangowauza pakamwa kuti kunali mnyamata wina wodziwa kujambula. Kaya akandikhulupirira."

Anabwerera m'chipinda, namusiya ali ndi kansalu m'manja. Lolemba Nedson anali pakhomo la nsanja paja, yunifolomu yabuluu, akupereka moni kwa anthu osayankha. M'thumba mwake munali foni, ndipo m'foniyo munali adiresi ya mayi Fraser, imene inalimo kale pamene matabwa anali akadali ndi nkhope. Funso limene sanawafunse linali la mzere umodzi: zojambula ziti? Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.